Thumba lafika, koma mlangizi ali kuti?

Mlimi aliyense wa ku Kanakantapa kapena ku Chalimbana, m'boma la Chongwe ku Zambia, amadziwa kuti feteleza ali ndi malamulo ake. Wokulitsa, D Compound, amalowa m'nthaka pobzala kapena mbewu ikangomera. Wobereketsa, urea, amadikira chimanga chifike m'mawondo. Mu urea muli nayitrojeni wokwana 46 pa 100, n'chifukwa chake sathiridwa ndi dzanja lodzaza. Ali ndi kakapu kake, ali ndi kamtunda kake kuchokera pa phata la chimanga, ndipo nthaka iyenera kukhala yonyowa. Ukamuthira pouma amawotcha mizu, wina amangouluka ndi mphepo. Minda iwiri yoyandikana ingalandire feteleza wa m'thumba limodzi koma nkhokwe zake n'kusiyana, chifukwa munda wina ndi wamchenga, wina sunapaliridwe pa nthawi yake.

Ndayambira kumunda chifukwa nkhani ya mankhwala a mahomoni amene anthu a trans amagwiritsa ntchito ambiri amaimva ngati yachilendo, pamene kayendedwe kake timakadziwa kale. Pali chinthu champhamvu chofunika muyeso, pali nthaka imene chikugwerapo, ndiponso pali funso la amene ali ndi mwayi wopeza thumba lenileni ndi mlangizi womuuza kathiridwe kake.

Munthu wa trans ndi amene mmene amadzidziwira yekha, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, sizigwirizana ndi zimene analembedwa tsiku lobadwa. Mkazi wa trans anabadwa ndi thupi lachimuna, mwamuna wa trans anabadwa ndi thupi lachikazi. Si onse amene amafuna mankhwala. Koma ena kusagwirizanaku kumawadya usana ndi usiku, amasowa tulo, amathawa anzawo, ena mpaka amaganiza zodzipha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'buku lake la matenda la ICD-11 limene linavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022, linachotsa nkhaniyi m'gulu la matenda a maganizo. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma la Chongwe, ndipo khamu lotere silingakhale lopanda anthu amenewa. Ndi ana a anthu, ali ndi azakhali ndi amalume awo.

Thupi la munthu aliyense limapanga estrogen ndi testosterone, kusiyana kwake n'kuchuluka basi. Mkazi wa trans amapatsidwa estradiol, kawirikawiri pamodzi ndi mankhwala ofooketsa testosterone monga spironolactone kapena cyproterone. Mwamuna wa trans amapatsidwa testosterone, nthawi zambiri wa jakisoni. Onsewa ndi mankhwala akale. Estradiol amathandiza amayi amene asiya kusamba, spironolactone ndi wa BP ndi matenda a mtima, testosterone amapatsidwa amuna amene thupi lawo silipanga wokwanira. Fanizo lathu lili ndi malire ake pano, ndipo ndiwanene: feteleza ndi chakudya cha mbewu pamene mahomoni ndi uthenga wouza ziwalo chochita, komanso munda sufunsidwa maganizo pamene munthu ayenera kufotokozeredwa zonse n'kuvomera yekha.

Kusintha kwake kumayenda pang'onopang'ono. Ndi estradiol mawere amayamba kuphuka pakatha miyezi 3 mpaka 6, ndipo amatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti afike pamene angafike. Khungu limafewa, mafuta amasamukira m'chiuno, koma mawu sasintha ndipo ndevu sizitheratu. Ndi testosterone msambo umasiya kawirikawiri miyezi 6 isanathe, mawu amakula, ndipo akakula sabwereranso. Mankhwala onsewa angachepetse mphamvu yobereka, nkhani imene munthu ayenera kuimva asanayambe. Komabe testosterone si njira yolerera: munthu angathe kutenga pakati akumubayitsa, ndipo amavulaza mwana m'mimba.

Msampha woyamba uli pa kuchedwaku. Munthu akadikira miyezi itatu osaona kanthu amayesedwa kuwirikiza mapiritsi. Wothira matumba awiri pamene pamafunika limodzi sakolola kawiri, amangowotcha chimanga. Estrogen wochuluka safulumizitsa mawere, amangowonjezera ngozi yakuti magazi aundane m'mitsempha. Testosterone wopitirira muyeso amalimbitsa magazi, ndipo wina thupi limamusandutsa estrogen, chinthu chimene mwini wake ankachithawa. Malangizo a bungwe la Endocrine Society a 2017 anaika kakapu kake: mwa mkazi wa trans estradiol akhale pakati pa 100 ndi 200 pg/mL, testosterone atsike pansi pa 50 ng/dL, ndipo mwa mwamuna wa trans testosterone akhale pakati pa 400 ndi 700 ng/dL. Manambala amenewa saoneka pagalasi. Amaoneka poyeza magazi, miyezi itatu iliyonse m'chaka choyamba, kenako kamodzi kapena kawiri pachaka.

Tsopano nthaka yake, ndiko kuti mmene munthu amakhalira tsiku ndi tsiku. Chachikulu kuposa zonse ndi fodya. Estrogen, makamaka wakumwa amene amadutsa m'chiwindi, amachititsa magazi kuundana msanga. Utsi wa fodya umawononga mkati mwa mitsempha n'kuchitanso chimodzimodzi. Ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi, kachibuma ka magazi kangatseke mtsempha wa m'mwendo, ndipo kakathothoka n'kufika m'mapapo munthu angafe tsiku lomwelo. Balani wopichira m'pepala sasiyana ndi ndudu ya m'sitolo pa nkhani imeneyi. Kwa mwamuna wa trans fodya ali ndi msampha wina: testosterone amachulukitsa maselo ofiira a magazi, fodya nayenso amawachulukitsa. Gawo la maselo ofiira likapitirira 54 pa 100 dokotala amachepetsa kapena kuyamba waimitsa jakisoni, poopa sitiroko.

Chimene ndikufuna owerenga agwire n'chakuti malangizo a madokotala sanena kuti wosuta abwezedwe pakhomo. Amanena kuti athandizidwe kusiya, ndipo apatsidwe estradiol wolowera pakhungu, kachigamba komata kapena mafuta opaka, chifukwa ameneyu salowera m'chiwindi ndipo ngozi yake ya kuundana kwa magazi ndi yochepa. N'chimodzimodzi kwa amene wapitirira zaka 45 kapena wonenepa kwambiri. Mlangizi akapeza munda wamchenga sauza mlimi kuti aiwale za feteleza. Amamuuza kuti agawe kathiridwe kake pawiri, awonjezere manyowa, apalire msanga. Khalidwe la munthu limasintha mtundu wa mankhwala ndi muyeso wake, koma kusinthako kumafuna wina wodziwa amene wakhala naye pansi.

Mowa nkhani yake ndi chiwindi. Cyproterone amalemetsa chiwindi, kachasu amachilemetsanso, ndipo matenda a hepatitis B, amene ngofala m'Zambia, amakhala mwa anthu ambiri osadziwa kuti ali nawo. Boma linaletsa mowa wa tujilijili mu 2012, koma mowa waukali wotsika mtengo sunachoke m'misika. Woledzera amaiwalanso mapiritsi, mawa lake n'kumwa awiri.

Pali chinanso chimene mabuku olembedwa m'maiko ozizira sakhalapo nthawi yaitali, koma kwa ife n'chachikulu: kutentha ndi madzi. Spironolactone amakodzetsa ndipo amatsitsa BP. Ganizirani mwezi wa October, mtsinje wa Chongwe utaphwa, mipopi ya m'tauni itauma monga yakhala ikuchitira zaka za chilala, munthu akugulitsa tomato padzuwa m'mbali mwa msewu wa Great East kuyambira m'mawa. Ena mwa anthu a trans amadziletsa dala kumwa madzi akakhala pagulu, poopa kuti chimbudzi chilichonse chimene angalowe chiwadzutsira mafunso. Thupi likauma impso zimafooka, ndipo mchere wa m'magazi wotchedwa potassium, umene spironolactone amausunga m'thupi, umakwera. Ukakwera kwambiri mtima umasokonekera kagundidwe popanda chenjezo. Mankhwala ena odziwika amaukwezanso: Septrin amene ambiri okhala ndi HIV amamwa, enalapril wa BP, ngakhale Brufen ndi diclofenac amene timagula pa kantemba mutu ukamapweteka. Nthochi ndi mapeyala zili ndi potassium wambiri, koma munthu wa impso zabwino sayenera kuziopa akamadya mwachizolowezi. Chimene chimauza ngati impso zili bwino ndi kuyeza magazi, ndipo tabwerera pomwe paja.

Za HIV zimafuna kunenedwa mosabisa, chifukwa mphekesera yake imapha. Pakati pa akazi a trans pamayenda mantha akuti ma ARV amapha mphamvu ya mahomoni, ndipo ofufuza m'maiko angapo apeza kuti ena amasiya kapena kudumphitsa ma ARV chifukwa cha mantha amenewa. Piritsi la TLD lokhala ndi dolutegravir, limene ambiri akumwa masiku ano, sililimbana ndi mahomoni. Mapiritsi a PrEP oteteza ku HIV satsitsa estradiol. Jakisoni wa cabotegravir, amene Zambia inayamba kupereka mu February 2024, nayenso angayendere limodzi ndi mahomoni. Amene amatsitsadi estradiol ndi efavirenz, wa m'mapiritsi akale aja, ndi rifampicin wa TB. Zikatero chochita n'kuyeza ndi kukonza muyeso wa mahomoni. Mankhwala a TB sasiyidwa.

Mafupa nawo amafuna homoni imodzi mwa ziwirizi kuti akhale olimba. Munthu womwa chofooketsa testosterone chokha kwa nthawi yaitali, popanda estradiol chifukwa ndalama zatha kapena katundu sanafike, mafupa ake amafooka mwakachetechete. Kapenta, masamba, kuyenda ndi kunyamula zolemera zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa mankhwala omwedwa mosadukiza. Uku kumwa mwezi uno n'kusiya mwezi wamawa kumasokonezanso mtima wa munthu, lero wakwiya, mawa akulira. Timakutcha kusasamala, pamene kawirikawiri ndi umphawi.

Apa tafika pa kapezedwe ka thumba. Ndondomeko ya feteleza wothandizidwa ndi boma inayamba mu 2002, n'kudzatchedwa FISP mu 2009, ndipo Chongwe linali limodzi mwa maboma oyamba kuyesa e-voucher mu 2015. Mlimi amadziwa zimene zimafunika: chiphaso cha NRC, dzina m'buku la kopaletivu, ndalama yake yoperekapo, ndi kuleza mtima pamzere. Amadziwanso kuwawa kwa thumba lofika mvula itapita. Komabe njira yake ndi yodziwika, ndipo mlangizi wa m'dera ali ndi ofesi imene munthu angafikepo masana, anthu akuona.

Munthu wa trans wa ku Chongwe alibe khomo lotero. NRC imene anatenga ali ndi zaka 16 ili ndi dzina limene mwina siligwirizananso ndi nkhope yake, ndipo zikalata za inshuwalansi ya NHIMA zimatsatira NRC yomweyo. Pamzere wa chipatala dzina limaitanidwa mokweza. M'tauni yaing'ono wolemba makhadi angakhale mnansi, namwino angakhale wa mpingo umodzi ndi amayi ake. Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45, ndipo kuli zipatala zazikulu monga Levy Mwanawasa ndi UTH, zokhala ndi akatswiri ndi malo oyezera magazi. Koma chithandizo cha mahomoni kwa anthu a trans sichili pa mndandanda wa ntchito zimene zipatala za boma zimalengeza. Chotsala ndi dokotala wolipira, ndipo pamwamba pa ndalama ya dokotala pali ya minibasi, ya kuyeza magazi, ya mankhwala mwezi ndi mwezi.

Pamwamba pa zonsezi pali lamulo. Ndime 155, 156 ndi 158 za Penal Code zimalanga kugonana kumene lamulolo limati n'kosemphana ndi chilengedwe, ndipo kuchokera mu 2005 chilango cha pa ndime 155 chimayambira zaka 15 mpaka moyo wonse m'ndende. Ndime zimenezi sizitchula mahomoni, sizitchulanso kudzidziwa kwa munthu. Koma anthu wamba sasiyanitsa, ndipo amene maonekedwe ake asintha ndiye amayamba kulozedwa chala. Amuna awiri a ku Kapiri Mposhi atagamulidwa zaka 15 mu 2019 dziko lonse linamva, ndipo ngakhale pulezidenti Edgar Lungu anawakhululukira mu 2020, mantha sanakhululukidwe nawo. Ku Malawi, khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linakana mu June 2024 kuthetsa malamulo ofanana ndi amenewa, pa mlandu umene mmodzi mwa odandaula anali mkazi wa trans. Mantha amenewa amagwiranso madokotala, amene ena mwa iwo akanafuna kuthandiza koma amaopa kutchulidwa maina.

Khomo likatsekedwa munthu sasiya kufuna. Amagula thumba la kuseri. Losavuta kupeza ndi mapiritsi olerera monga Microgynon, otsika mtengo ndipo opezeka paliponse. M'mapiritsi amenewa muli ethinyl estradiol, wachibale wa estradiol koma waukali kwambiri pa chiwindi ndi pa kuundana kwa magazi, ndipo malangizo onse a masiku ano amaletsa kumugwiritsa ntchito pa chithandizo chimenechi. Choipa china n'chakuti saoneka pa kuyeza kwa estradiol kwa masiku onse, motero ngakhale woyezetsa sangadziwe kuchuluka kwake. Ena amamwa awiri kapena atatu patsiku potsatira malangizo a mnzawo wa pa WhatsApp. Amuna a trans amapeza testosterone kwa anyamata onyamula zitsulo kapena kwa obwera ndi katundu pa basi, m'timabotolo timene sitinadutse m'manja mwa ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala. Singano imodzi ikazungulira anthu angapo, HIV ndi hepatitis zimazungulira nayo. Alimi amadziwa thumba losokedwanso bwino koma mkati muli mchenga wosakaniza. Kusiyana kwake n'kwakuti mlimi amataya nyengo imodzi, pamene uyu angataye mwendo kapena moyo.

Kum'mwera kwathu kuli chitsanzo cha njira ina. South Africa ili ndi lamulo la 2003 lolola munthu kusintha zolembedwa pa chiphaso chake, ndipo chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town chakhala chikuthandiza anthu a trans kwa zaka zambiri. Mu 2021 bungwe la Southern African HIV Clinicians Society linatulutsa malangizo osonyeza kuti chithandizochi chingaperekedwe pa chipatala chaching'ono, munthu atafotokozeredwa bwino n'kuvomera, popanda kudikira katswiri wa mumzinda. Bungwe la Wits RHI linatsegula makiliniki mu 2019 operekera mahomoni pamodzi ndi chithandizo cha HIV pa khomo limodzi, podziwa kuti wobwerera mahomoni adzayezetsanso magazi. Makiliniki amenewo anatsekedwa mu 2025 dziko la America litadula thandizo lake la ndalama. Kudula komweko kunagwedezanso ntchito za HIV m'Zambia, makamaka malo amene anthu osalidwa ankafikako osaopa. Mabungwe monga Transbantu Association Zambia, la anthu a trans eni ake, ndiwo atsala akulozera anzawo kumene angalandiridwe.

Ndimamva anthu ena, ngakhale a mtima wabwino, akunena kuti ayambe akonza khalidwe lawo, asiye fodya ndi mowa, ndipo za chipatala zibwere pambuyo. Ine ndimaona kuti mawu amenewa amayambira kumchira. Mwana wothamangitsidwa pakhomo, wosiya sukulu chifukwa cha chipongwe, wosowa ntchito chifukwa chiphaso ndi nkhope sizikugwirizana, nthawi zambiri ndi amene amapezeka ndi ndudu m'kamwa ndi botolo m'thumba. Zizolowezizo ndi ngozi yeniyeni, ndazifotokoza popanda kuzichepetsa. Koma munthu amasiya fodya mosavuta akakhala ndi chifukwa chake ndi womulimbikitsa, ndipo namwino amene amamuona miyezi itatu iliyonse ndiye ali pamalo abwino ochitira zimenezo. Zambia inalengezedwa kukhala dziko la Chikhristu mu 1991, ndipo ndikudziwa kuti okhulupirira ambiri nkhani imeneyi imawavuta mumtima. Sindikuwapempha kuti athetse mtsutso wawo lero. Ndikupempha kuti munthu amene akumwa kale mankhwalawa ayezedwe, monga timayezera wodwala shuga popanda kumufunsa ngati amapemphera.

Zambiri mwa zofunika zilipo kale m'boma la Chongwe. Makina oyezera BP ali m'makiliniki ambiri. Kuwerenga maselo a magazi, kuyeza impso ndi chiwindi ndi ntchito imene zipatala za m'maboma zimachitira anthu a ma ARV ndi a TB. Wachipatala angafunse modekha, chitseko chitatsekedwa, kuti, "Kodi pali mankhwala ena amene mukumwa, ngakhale ogula nokha?" Akamva za mapiritsi olerera angafotokoze ngozi yake. Akamva za spironolactone angayang'ane ngati munthuyo alinso pa Septrin kapena enalapril. Akamva za jakisoni angaphunzitse za singano yatsopano nthawi iliyonse. Kusunga chinsinsi cha wodwala ndi udindo umene bungwe la Health Professions Council of Zambia limauika pa onse amene limawalemba m'kaundula wake, ndipo udindowo susankha wodwala.

A pabanja nawonso ali ndi zoyenera kudziwa, kaya agwirizana ndi mwana wawo kaya ayi. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, kapena munthu akabanika mwadzidzidzi, akamva kulasa m'chifuwa, akatsokomola magazi, pakamwa pakapotoka, mutu ukapweteka modabwitsa, maso akachita chikasu, kapena mtima ukamagunda modumphadumpha iye ali wofooka, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Anyamule mapaketi ndi timabotolo tonse timene amagwiritsa ntchito, ndipo dokotala auzidwe dzina la chilichonse ndi kuchuluka kwake. Dokotala wosadziwa kuti wodwala wake ali pa estrogen angaganize kuti kubanikako ndi chibayo, n'kupereka mankhwala a chibayo pamene vuto ndi magazi oundana m'mapapo.